Thandizeni: kupha zilombo kuti agwape achuluke, n'kuthandiza kapena kuwononga?

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru. Ndikuphunzira zosamalira nyama zakutchire, ndipo atipatsa ntchito yolemba malangizo a nkhalango ina yomwe muli agwape aja a nyanga zanthambi. Alenje akufuna kuti mimbulu ndi zilombo zina ziphedwe chifukwa zikudya ana a agwape. Koma oyang'anira nkhalango akudandaula kuti mitengo ing'onoing'ono siikukula, agwape akuibudula isanafike n'komwe m'chiuno. Mtima wanga ukukana zopha zilombo, koma sindikufuna kulemba zachifundo chabe popanda umboni. Amene munaphunzira kapena munagwirapo ntchito imeneyi, ndiyambire pati?

Yankho loyamba: Achemwali, yambani ndi nkhani ya nkhalango ya Kaibab ku Arizona, m'dziko la America. Mu 1906 Theodore Roosevelt, yemwe anali pulezidenti wa dzikolo, anateteza dera limenelo, kusaka agwape kunaletsedwa, ndipo alenje aboma anapha mimbulu, ma coyote (zilombo zofanana ndi nkhandwe) ndi mikango ya m'mapiri yotchedwa puma. Agwape anaswana mpaka anatha msipu ndi masamba onse omwe akanafikira. Cha m'ma 1924 anayamba kufa ndi njala ambirimbiri nyengo yozizira. Amene ankati akuwateteza ndi amene anawaphetsa.

Yankho lachiwiri: Zoona, koma musaikokomeze nkhaniyi. Mabuku akale amati agwapewo anachoka pa 4,000 kufika pa 100,000, koma mu 1970 katswiri wa nyama zakutchire Graeme Caughley anasonyeza kuti chiwerengero chachikulucho chinali chongoyerekeza. Ananenanso kuti nthawi yomweyo nkhosa ndi ng'ombe zinachepetsedwa m'deralo, ndiye msipu unatsalira agwape. Mukalemba ngati zilombo ndiye chifukwa chokhacho, aphunzitsi anu akugwirani.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Nanga za paki ya Yellowstone ku America zomwe anthu amatchula kawirikawiri?

Yankho lachitatu: Kumeneko mimbulu inatheratu m'ma 1920, ndipo anaibwezeretsa mu 1995 kuchokera ku Canada. Agwape akuluakulu otchedwa elk anachepadi, ndipo m'malo ena mitengo ya m'mbali mwa mitsinje inayambanso kuphuka. Koma si paliponse, komanso zimbalangondo, ma puma, chilala ndi alenje a kunja kwa paki anathandizira kuchepetsako. Akatswiri mpaka pano amatsutsanabe za kukula kwa gawo la mimbulu.

Ine ndinene maganizo anga poyera. Funso lanu layankhidwa kale ndi oyang'anira nkhalango aja. Ngati mphukira sizikukula, agwape aposa chakudya chawo. Zikatero, mwana wa gwape amene mwamupulumutsa kwa mmbulu adzafabe ndi njala kapena matenda, ndipo asanafe adzakhala atadya mitengo ya mawa. Kupha zilombo kumathandiza pokhapokha agwape ali ochepa kwambiri, chakudya chilipo chambiri, ndipo mwatsimikiza kuti chikuwapha ndi chilombo. Ngakhale pamenepo phindu lake silikhalitsa, chifukwa mukangosiya, zilombo zina zimalowa m'malo momwe mwachotsamo anzawo.

Choti mulembe ndi ichi: oyang'anira nkhalango atchinge timalo tingapo ndi mpanda wotalika pafupifupi mamita awiri, kenako afanizire mphukira za mkati ndi za kunja. Ayesenso kulemera kwa agwape omwe alenje apha, ndi kuona kuti aakazi akubereka ana angati. Thupi likamachepa chaka ndi chaka, vuto ndi njala.

Yankho lachinayi: Ndiwonjezereko chimodzi chomwe alenje sakonda kumva. Kupha agwape amphongo okha sikuchepetsa chiwerengero, chifukwa mphongo imodzi imakwera zazikazi zambiri. Ku Scotland, komwe mimbulu inatha zaka mazana apitawo, ntchito yochepetsa agwape inatsalira anthu, ndipo amayenera kuwombera zazikazi chaka chilichonse kuti nkhalango ziphukenso. Ndi ntchito yodula komanso yosatha.

Wofunsa: Mwandimasula maso. Chomwe chatsala n'chakuti, kodi mipanda yoyeserayo iyenera kukhala zaka zingati kuti kusiyana kuoneke bwino? Alenje sangadikire nthawi yaitali, ndipo ndikufuna kuwapatsa nthawi yomwe angavomere.