Tithandizane: tiana ta njovu tikutuluka ngati miyala pa mafoto anga

Kapata_Lens

Muli bwanji abale. Ine ntchito yanga ndi kujambula maukwati, ma kitchen party ndi ma graduation kuno ku Chipata, za nyama ndinali ndisanazigwirepo. Manje mwezi watha alamu anga anati tiyeni tikaone nyama ku Mfuwe, tinanyamuka kusanache, 6 koloko tili kale pa mlatho wa Luangwa kudikira kulowa mu paki ya South Luangwa. Sitinayende patali tinapeza gulu la njovu pa thamanda ndipo munali kamwana kamodzi kakang'ono zedi, kakudzandira pakati pa miyendo ya akuluakulu uku kachitamba kakungolendewera ngati sikake. Ndinawaza mafoto oposa 200 ndi lenzi yanga yozuma ya 70-300mm, mumtima ndikuti lero ndaphula. Kufika kunyumba kutsegula pa laptop, mayo ine. Pomwe ndinazuma kwambiri kamwana kali kokha ndipo kakuoneka chabe ngati njovu yaikulu yopanda minyanga, palibe angadziwe kuti ndi kakhanda. Pomwe ndinabweza zoom kuti gulu lonse lilowe, kasanduka mwala wotuwa pakati pa miyala inzake. Ena amake ndawadula mutu, ena mchira wa njovu ina watchinga nkhope. Nanga amake ndiziwalowetsa onse kapena ndiziwachotseratu? Ndipo kamwana kazikhala pakati pa foto kapena pambali? Mu Novembala ndifuna kubwererako.

Madala_wa_Nsefu

Mwana wanga mwandiseketsa, kaili alendo ambiri amene ndimayenda nawo mu motoka amachita zomwezo tsiku loyamba. Vuto lanu si lenzi. Kamwana ka njovu kamabadwa kale kali ndi makilo pafupifupi 100 ndipo kutalika kwake kumayandikira mita imodzi, amake amakhala ndi pakati miyezi 22, ndiye mukakaika kokha mu foto palibe choonetsa kuti ndi kakang'ono. Chimene chimakachepetsa ndi amake. Koma simufunika amake onse ayi. Tengani miyendo, mimba ndi chitamba basi, mutu ndi msana zituluke pamwamba pa foto mwadala. Miyendo ija imakhala ngati nsanamira za khonde, kamwana kali pakati pake, woona amadziwa yekha kuti pamwamba apo pali chinyama chachikulu.

Kudula mutu kuli pawiri. Mukadula pang'ono, mwina theka la diso kapena nsonga ya khutu, zimaoneka kuti munaphonya. Mukadula kwambiri, cha pa phewa kutsika, zimaoneka kuti munafuna. Mapazi okha musadule, a kamwana ndi a amake omwe, siyani kadothi pansi kuti nyama iime penapake.

Ife timati kamwana kakamadutsa pansi pa mimba ya amake osagunda msana ndiye kuti sikanakwane chaka, ndipo foto yabwino kwambiri ili pomwepo pansi pa mimba. Dziwaninso kuti mabere a njovu ali pakati pa miyendo yakutsogolo osati kumbuyo ngati ng'ombe, ndipo kamwana kamayamwa ndi pakamwa, kachitamba kamakapindira pamwamba pa mutu. Ndiye mukaona kakukankhira kutsogolo kwa amake, konzekani, ikani fokasi pa diso la kamwana. Mukaisiya kamera isankhe yokha imathamangira mwendo wa amake chifukwa ndiwo uli pafupi.

China, motoka za game drive ndi zazitali, mukakhala mpando wakumbuyo wapamwamba uja mukujambula kamwana kuchokera kumwamba, kumbuyo kwake kumangokhala dothi lotuwa ngati iko komwe, ndiye mwala munanena uja. Pemphani mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaiva, tsitsani kamera pa chitseko, ikani pa kathumba ka nyemba kapena mpunga kuti isagwedezeke. Koma kutsika pansi musayese, ndipo musauze dalaiva kuti alowe pakati pa mwana ndi gulu, kamwana kakangolira kamodzi amake, azakhali ake ndi azikulu ake onse amatembenukira kwa inu.

NyaZulu_Katete

A Madala zambiri ndagwirizana nazo koma apo pakuti amake azikhalamo nthawi zonse awe, ine ndikana pang'ono. Foto yanga imene anthu amaikonda kwambiri pa Facebook ndi nkhope chabe ya kamwana, amake mulibe ngakhale chikhadabo. Chimene chimaulula kuti ndi khanda ndi tiubweya tija ta pamutu ndi pamsana, tofiirira, ndipo dzuwa likakhala kumbuyo kwake mmawa timawala ngati tawazidwa golide. Kuonjezera kachitamba komwe sikanadziwe kugwiritsa ntchito, miyezi yoyamba kamangokazunguza, nthawi zina kukaponda kokha, pomwa madzi kamagwada n'kumwa ndi pakamwa. Njovu yaikulu sichita zimenezo. So close up imatheka koma pakhale chinthu chachibwana chimene kakuchita, kakangoima chabe ndiye zoona mupeza njovu yopanda minyanga, ndipo ku Luangwa zazikazi zopanda minyanga zilipo zambiri ndiye munthu asokonezekadi.

Za pakati kapena pambali, achimwene inu mumajambula maukwati, mkwatibwi akamayenda kulowa mu holo simumusiyira malo kutsogolo? Chimodzimodzi. Yatsani timizere tija togawa sikirini patatu, kamwana kakamapita kumanja kaikeni cha kumanzere kuti kakhale ndi kopita. Pakati ikani pokhapokha kakuyang'anani maso ndi maso makutu atatambasula, apo tembenuzani kamera foto ikhale yoimirira. Ndipo shutter, liwiro limene kamera imatolera foto, musatsike pansi pa 1/1000 ya sekondi tiana tikayamba kuthamangitsa mbalame, timathamanga mwadzidzidzi tija.

Mwana_wa_Kakumbi

Ine kwathu ndi konko kufupi ndi Mfuwe ndipo ndinene zoona, ndikaona anthu akuti "iii kokongola" pa kamwana ka njovu ndimakumbuka ambuya anga akugona kumunda ndi zitini ndi moto wa tsabola kuthamangitsa banja lomwelo. Usiku umodzi chimanga chonse chapita. Koma sindikukuletsani, inenso ndimajambula ndi foni haha.

Chimene ndifuna kunena ndi chakuti nonse mukukamba zozuma, palibe wanena za kubwerera mmbuyo. Nthawi ya chilimwe madzi akachepa njovu zimaoloka Luangwa madzulo kubwera mbali ya kumidzi kuno, mmawa n'kubwerera mu paki. Zimayenda mondondozana, mayi wamkulu patsogolo, tiana pakati, pena pakuya kamwana kamamira kutsala kachitamba kokha pamwamba pa madzi. Apo simufunika lenzi yaitali. Lowetsani mchenga, gombe ndi mitengo ya kutsidya, mzere wa njovu ukhale pansi pa foto. Kamwana sikasowa chifukwa kumbuyo kwake ndi madzi owala osati thupi la njovu inzake. Chongofunika dikirani kampata, pamene kasiyana pang'ono ndi amene ali kutsogolo ndi kumbuyo, miyendo inayi ikuoneka. Mkulu wanga mafoto anu a gulu anafa chifukwa zotuwa zinasanjikizana.

Kapata_Lens

Zikomo kwambiri nonse, a Madala ndabwerera ku laptop ndayesa kudula ena monga mwanenera, cha pa phewa la amake, atatu adzuka shuwa. Asisi a ku Katete mwandigwira pa mkwatibwi, kaili ndimachita tsiku lililonse koma kuona njovu nzeru zonse zinathawa. Funso lina, ena a masana anatuluka osaoneka bwino ngati muli utsi ngakhale fokasi inali pamalo, ndi lenzi yafa kapena?

Madala_wa_Nsefu

Lenzi ili bwino, ndi kutentha. Kuchigwa kuno September mpaka Okutobala dzuwa limafika madigiri 40, mpweya wa pansi umavina, mukazuma patali masana palibe chituluka chakuthwa ngakhale kamera ikhale ya ndalama zingati. Ndipo dzuwa la pamutu limaika kamwana mu mthunzi wa amake, amake kuyera mbee iko kuda bii. Jambulani kuyambira 6 mpaka cha m'ma 9, ndiyeno kuyambira 16 hours. Masana mukazipeza pansi pa misangu zikutola nyemba zake kapena mu mthunzi wa michenja apo mutha kuyesa chifukwa kuwala kumakhala kofanana ponse.

Novembala mwasankha bwino. Mvula yoyamba ikagwa fumbi limagona, msipu umaphuka, ndiye chotuwa pa chobiriwira chimaonekera chokha, ndipo tiana tikagubuduka m'matope timatuluka takuda tonyezimira. Ndi nthawi yomweyonso imene banja lina la njovu limadutsa pa reception ya Mfuwe Lodge kupita ku mtengo wa mango wakutchire uli mkati, tiana tikukwera masitepe pambuyo pa amawo. Kamera muikulunge mu pulasitiki kapena chitenje pa msewu, ndipo mubwere ndi NRC yanu, chitupa chija cha unzika, ife a Zambia pa geti timalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja.