Kodi makina angathe kuganizadi?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikukonzekera mtsutso wa ophunzira pa nkhani yakuti makina amaganiza kapena ayi, koma ndakanika kusiyanitsa kuyankha mwanzeru ndi kumvetsa zenizeni. Ndawerenga za Alan Turing, amene mu 1950 anati tiyese ngati munthu wolemberana ndi makina angathe kuwasiyanitsa ndi munthu mnzake. Ndawerenganso za John Searle, amene mu 1980 anatsutsa ponena kuti munthu wotsekeredwa m'chipinda angathe kuyankha mafunso a Chitchaina potsatira malamulo olembedwa, asakumva ngakhale liwu limodzi. Mfundo ya Searle ndiyo yandigwira mtima, komabe maselo a ubongo wathu nawonso, lililonse palokha, samvetsa kanthu. Kodi ilipo njira yotsimikizira kuti kompyuta ikumvetsadi zimene ikunena, osati kungosanja mawu? Chonde ndithandizeni.