Bwanji anthu ochokera ku Iran ambiri amati ndi a Persian, ndipo amakana kutchedwa Aluya?

Naphiri_Manchester:
Moni nonse, ndithandizeni pa nkhani iyi. Kuno ku Manchester komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuli mnyamata wina, makolo ake anachokera ku Iran koma iye anabadwira konkuno. Ukamufunsa kwawo sanena kuti Iran ayi amangoti ndine Persian. Ndiye tsiku lina mnzathu wina anamutchula kuti Mluya mongocheza, eee munthu anakhumudwa mpaka kuchoka pa tebulo. Kodi Persian ndi Iranian n'zosiyana? Nanga kutchedwa Mluya kwalakwika pati, si Asilamu onsewa?

AphunzitsiOpuma:
Anaphiri, dziko ndi limodzi lomwelo. Azungu ankalitchula kuti Persia mpaka 1935 pomwe mfumu Reza Shah inapempha maiko kuti azinena kuti Iran. Koma za Uluyazo mnyamatayo akunena zoona, chilankhulo chawo ndi Farsi ndipo ubale wake uli kufupi ndi Chihindi ngakhalenso Chingerezi kusiyana ndi Chiarabu. Chomwe chimasokoneza anthu ndi zilembo, amalemba ndi zilembo za Chiarabu kungowonjezerapo zinayi. Zili ngati Chichewa ndi Chipwitikizi, zilembo n'zofanana koma simungamvane.

Mjomba_waku_Cali:
Aphunzitsi mwanena bwino koma mwasiya mbali yowawa. Ine ndimakhala kufupi ndi Los Angeles komwe kuli anthu a ku Iran ochuluka zedi, mpaka mzindawu amautchula Tehrangeles, ukadutsa mu Westwood Boulevard mashopu ambiri zikwangwani zake ndi za Farsi. Ambiri anabwera mu 1979 mfumu ya nthawiyo, mwana wa Reza Shah uja, itathawa ndipo mtsogoleri wachipembedzo Khomeini n'kutenga boma, ena anathawa nkhondo ya Iran ndi Iraq ya 1980 mpaka 1988. Tsono vuto linali loti chaka chomwecho cha 1979 ophunzira analanda embase ya America ku Tehran n'kusunga anthu 52 kwa masiku 444, nkhani inali pa TV usiku uliwonse. Tangoganizani, iwe wathawa boma lomwelo, wasiya nyumba, abale ako ena ali m'ndende, wafika kuno anthu akukulozera chala kuti ndiwe mdani. Ana ankatukwanidwa kusukulu, ena anasintha maina, ena ankanama kuti kwawo ndi ku Italy kapena Greece. Kunena kuti Persian kunakhala pobisalira poti munthu akamva Persian amaganiza za makapeti ndi amphaka aubweya aja osati ndale. Ndipo sizinathe ayi, mu 2002 Bush anaika Iran pa gulu la maiko omwe anawatcha oipa, mu 2017 Trump anatseka zitseko kwa anthu a ku Iran moti agogo ankalephera kudzaona zidzukulu zawo. Zimandiwawa chifukwa anthu omwewa ndi madokotala ndi mainjiniya athu kuno, bwana wamkulu wa kampani ya matakisi ya Uber Dara Khosrowshahi anabadwira ku Tehran, Maryam Mirzakhani mkazi woyamba kulandira mendulo ya Fields pa masamu mu 2014 analinso wa komweko.

Chisomo_Toronto:
Ine ndikusiyana nanu pang'ono amalume. Si onse a ku Iran omwe ndi a Persian. Kuli Azeri omwe amalankhula chilankhulo chapachibale ndi Chitheki, kuli Akurdi, Abaluchi, ndiponso Aluya enieni ku chigawo cha Khuzestan. Mahsa Amini uja anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu September 2022 anali Mkurdi, kwawo ankamuitana kuti Jina. Ndiye aliyense akamangoti Persian mitundu inayo imazimirira. Komanso tisabise, alipo ena amakana Uluya osati kungokonza cholakwika koma chifukwa amawanyoza Aluyawo, ndipo tsankho limenelo ine sindingaliikire kumbuyo ngakhale likuchokera kwa munthu yemwenso akusalidwa. Za chipembedzo Anaphiri samalani, ambiri ndi Asilamu a Shia inde koma kunja kuno mupeza Abahai ambiri omwe anathawa chizunzo, Ayuda, Akhristu achi Armenia, ndi ena oti mzikiti sakuudziwa n'komwe. Jimmy Delshad yemwe anakhala meya wa Beverly Hills mu 2007 ndi Myuda wobadwira ku Iran.

Naphiri_Manchester:
Zikomo nonse, ndamva zambiri. Nanga ana obadwira kunowa amasungabe za kwawo?

Mjomba_waku_Cali:
Chilankhulo ambiri amangomva kuyankha amayankha m'Chingerezi, kulemba ndiye ochepa kwambiri. Koma Nowruz sasiya, chaka chawo chatsopano cha pa 20 kapena 21 March. Amayala tebulo la zinthu 7 zomwe maina ake m'Chifarsi amayamba ndi chilembo cha S, ndipo usiku wa Lachiwiri lomaliza chaka chisanathe amadumpha moto panja, Msilamu, Myuda, Mbahai onse limodzi. Mnyamata wanuyo mudzamufunse za Nowruz mwezi wa March ukamayandikira, mwina adzakubweretserani mpunga wa masamba ndi nsomba zomwe amadya tsikulo.