Makina otsukira a petulo, ndigule otani pa ntchito ya tsiku ndi tsiku?

Wongoyamba_kumene:

Moni nonse abale. Safunsa anadya phula ndiye ndati ndifunse kaye ndisanataye ndalama kachiwiri. Ndakhala ndikutsuka magalimoto ndi kamakina kamagetsi kaja ka pulasitiki pafupifupi chaka, koma pano anthu ayamba kundiitanira ntchito zokulirapo, mabwalo a simenti, makoma a mpanda omera ndere, malole ndi mathirakitala obwera ndi matope okhaokha, ndipo malo ambiri soketi imakhala kutali, chingwe ndimachita kulumikiza katatu. Sabata yatha kanangozima pakati pa ntchito n'kuyamba kununkha zopserera, mwini nyumba ali chilili kundiyang'ana, ndinamalizira bulashi ndi ndowa, manyazi ake osanena.

Ndiye ndikufuna a petulo. Koma ndikayang'ana ndikungoona manambala, awa 3000 PSI, awa 4000 PSI, awa alemba bar, awa akuti triplex awa axial, mutu wanga wazungulira. Alipo ena ndawaona injini yake yaing'ono ya 196cc koma pa katoni alemba 4000 PSI zilembo zikuluzikulu zofiira, opepuka bwino munthu mmodzi kunyamula, mtima wanga uli pamenepo. Ndigule? Azigwira maola anayi kapena asanu pa tsiku, sabata yonse kupatula Lamlungu. Madzi nthawi zina ndimapeza pampopi, nthawi zina ndimanyamula m'madiramu.

Makaniko_wa_majenereta:

Achimwene dzanja lichoke kaye m'thumba. 4000 yofiira ija isakutengeni mtima.

Makina amenewa ali ndi manambala awiri koma pa katoni amakulitsa imodzi yokha. Yoyamba ndi pulesha, PSI kapena bar, ndi chinthu chimodzi kungosiyana kawerengedwe, bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 PSI ndiye 3000 PSI ndi cha m'ma 207 bar, 4000 PSI cha m'ma 275 bar. Yachiwiri ndi kuchuluka kwa madzi otuluka pa mphindi, ena amalemba malita ena GPM, amenewo ndi magaloni a ku America, galoni imodzi malita 3.8 pafupifupi. Nambala yachiwiriyi nthawi zambiri imabisala pansi timalemba ting'onoting'ono, koma kwa munthu waganyu ndi imene imakuuzani kuti muweruka nthawi yanji. Pulesha imamatula litsiro, chokokolola litsirolo ndi madzi ambiri. Mutha kukhala ndi pulesha yoboola thabwa koma madzi akamatuluka ngati ulusi, bwalo la simenti mudzalitsuka kamzere kamzere ngati mukulemba ndi pensulo mpaka dzuwa kulowa.

Masamu ake ndi awa, yesani pa foni pomwepo wogulitsa akuona. Bar kuchulukitsa ndi malita pa mphindi, kugawa ndi 600, mupeza makilowati amene madziwo akufuna. 275 bar pa malita 15 ikufuna pafupifupi 7 kW, tisanawerengere mphamvu yotayika mkati mwa pampu. Pamene injini ya Honda GX200, yomwe ndi ya 196cc, eni ake amati imafika 4.3 kW basi, ndipo mainjini ambiri a saizi imeneyo amasewera momwemo. Ndiye kainjini kameneko kakati 4000 PSI, dziwani kuti mwina madzi ake ndi ochepa kwambiri, mwina nambalayo ndi ya kadumphidwe ka pulesha mukangosiya kufinya mfuti yopoperera madzi, osati imene mumatsukira. Injini ya saizi imeneyo yonena zoona imapereka cha m'ma 200 bar pa malita 9 kapena 10 kapena 11. Mukafuna malita 15 ndi pulesha yokwera mukufunika ya 389cc ngati GX390, ya 8.7 kW.

Koma chimene ndimaona chikufa kawirikawiri pa benchi panga si injini, ndi pampu. Pampu ya axial mkati mwake muli kambale kopendekeka kamene kakamazungulira kamakankha mapisitoni, ndi yopepuka, yambiri ndi yomata osati yoti uzisintha oyilo, anaipangira munthu wotsuka galimoto yake ndi khonde mwa apo ndi apo. Inu maola asanu tsiku lililonse muipha msanga ndipo ikafa nthawi zambiri kumakhala kugula ina yonse. Triplex ili ndi kirankishafuti ngati injini ndi mapulanja (mapisitoni ake) atatu a ceramic, mutu wake wa brass, kumbuyo kagalasi koonera oyilo, pamwamba kachivindikiro kothirira. Imeneyo ikayamba kudontha timatsegula, kusintha marabala ndi mavalavu, n'kubwerera kuntchito. Mayina odziwika ndi AR, Comet, Interpump, Hawk, CAT Pumps. Mukaona injini yoimirira ngati ya makina otchetchera kapinga pampu ili pansi pake, pafupifupi nthawi zonse imeneyo ndi axial, idutseni. Ndipo musanalipire funsani ngati marabala ndi mavalavu a pampu imeneyo amapezeka, pampu yabwino yopanda masipeyala ndi chitsulo chongotsekereza chitseko.

Mayi_wa_mabwalo:

Zonse anena a makanikowa ndi zoona koma akudumpha pamene pandigwetsa ine, madzi. Mchimwene wanga, mawu oti madiramu aja ndi amene andiimitsa.

Makina anga oyamba anali triplex yabwinobwino koma yomangirira pa injini penipeni, direct drive, imazungulira liwiro la injini cha m'ma 3400 pa mphindi. Mtundu umenewo umafuna madzi azibwera okha ndi kamphamvu, kuyamwa sumakoka bwino. Ine osadziwa ndimaika diramu pansi, paipi kuponya mkati, kuliza. Paipi imanjenjemera ngati yagwidwa malungo, pampu kumalira kuti tatatata, ine ndimati ndi mmene amalirira. Kani inali ikumeza mpweya, madzi osakwana, timathovu tikuphulikira mkati kumadya mavalavu ndi marabala. Sipanathe mwezi oyilo wa pampu pa kagalasi paja anasanduka woyera ngati mkaka, ndiye kuti madzi alowa. Kuyambira pamenepo thanki ndimaikweza pamwamba pa makina, paipi yolowetsa madzi yonenepa, yaifupi, yosapindika, ndi kasefa pakamwa chifukwa kamchenga kamodzi kokha kakakamira pa valavu pulesha yonse yathawa.

Amene ndikugwiritsa pano ndi a giyabokosi, pampu imayenda cha m'ma 1450 pa mphindi, ena ndi a lamba nawonso amayenda pang'onopang'ono choncho. Amenewa amakoka okha m'thanki, satentha msanga, amakhalitsa. Kungoti ndi olemera, kukweza pa galimoto ndimafuna munthu wachiwiri kapena thabwa lotsetsereka, ndiye zoti munthu mmodzi kunyamula muiwale.

Tsono apa ndi pamene ndisiyane pang'ono ndi a makaniko. Malita 15 pa mphindi amakoma pogwira ntchito koma werengani, diramu ya malita 200 yatha m'mphindi 13, thanki ya malita 1000 ingopitirira ola limodzi pang'ono mukagwira mfuti osasiya. Pampopi napo si paliponse pamene pamatuluka malita 15. Tengani ndowa ya malita 20 muike pampopi muwerenge, ikadzaza m'masekondi 80 ndiye kuti ndi malita 15 ndendende, ndipo ndendende sizikwanira, pamafunika kotsalako. Ikachedwa kuposa apo makina aakulu avutika ndi ludzu pokhapokha mudutsire m'thanki. Petulonso, GX390 ikamakoka mwamphamvu imamwa cha m'ma malita 3.5 pa ola, GX200 theka lake. Ndiye ngati ntchito yanu yambiri ikadali magalimoto, mabwalo ndi apo ndi apo, ya 196cc yokhala ndi triplex ya malita 10 kapena 11 ikukwanirani ndithu. Ngati mabwalo ndi malole ndi amene akuchuluka pitani pa yaikulu mugulenso thanki, osanyengerera.

China, anyamata anga ndimachita kuwakalipira tsiku lililonse. Ukasiya mfuti injini ikulira, madzi samaima, valavu yotchedwa unloader imawabweza azizungulira mkati mwa pampu, madzi omwewo omwewo, ndiye amatentha msangamsanga mpaka kuphika marabala. Foni ikalira, kasitomala akayamba nkhani, zimitsani. Kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri ayi. Kapena uzani makaniko akulumikizireni paipi yobweza madziwo m'thanki, ndiye mutha kucheza mmene mungafunire.

Wongoyamba_kumene:

Iii zikomo kwambiri, ndikanagwa m'mbuna ndithu. Za ndowa ndiyesa mawa pamalo awiri pamene ndimapita kawirikawiri. Funso lina, nanga a dizilo? Wina anandiuza kuti pa malole a girisi ndi oyilo pamafunika a dizilo, petulo sangathe. Ndi zoona? Komanso sopo ndizithira mu diramu momwemo kapena?

Makaniko_wa_majenereta:

Anakusakanizirani zinthu ziwiri. Pali makina a injini ya dizilo, amenewo madzi ake ndi ozizira chimodzimodzi, kungoti injini imamwa pang'ono ndipo imapirira maola ambiri, koma ndi yolemera, yaphokoso, ikadwala kukonza kwake si kwa aliyense. Ndiye pali makina a madzi otentha, amene ali ndi boyila yoyaka ndi dizilo kapena parafini, madzi akachoka mu pampu amadutsa mu paipi yopiringizika pamoto. Chosungunula girisi ndi kutenthako, osati mtundu wa mafuta a injini, ambiri mwa amenewo injini yake ndi ya petulo yomweyo dizilo ndi wa moto basi. Poyambira musalimbane nawo, ndi aakulu ndipo zowonongeka zimachuluka. Mankhwala ochotsa girisi, kuwasiya alowerere mphindi zingapo, kenako kutsuka, ntchito zambiri zimatheka. Ndipo musayerekeze kuthira madzi owira mu pampu wamba.

Sopo mu diramu ayi. Chilichonse cha m'diramu chimadutsa mu pampu, klorini makamaka amadya marabala ndi zitsulo. Pamakhala ka injector, kachipangizo koyamwa sopo, kumene madzi amatulukira mu pampu, kali ndi kapaipi koonekera mkati, mumakaviika m'botolo, kamayamwa pokhapokha mwaika nozo (kakamwa ka kunsonga kwa mfuti) yakuda ya pulesha yotsika. Kapena botolo la thovu lomangirira kumfuti.

Oyilo musasokoneze, wa injini ndi wina wa pampu ndi wina. Injini za GX zimafuna 10W-30, woyamba mutaye pakatha maola 20 kenako maola 100 aliwonse, pa kagwiridwe kanu ndiye kuti mwezi ndi mwezi. Mapampu ambiri amafuna SAE 30 non-detergent kapena oyilo wa kampani yake, onani kabuku. Gulani injini yozima yokha oyilo akachepa. Ndipo ponyamula pa galimoto tsekani kampopi ka petulo, apo bii ndi mabampu petulo amasefukira mu kabyuleta n'kutsikira mu oyilo, anthu amabwera kwa ine kuti oyilo wachuluka yekha, ndikanunkhiza petulo yekhayekha.

Dala_lopuma_ntchito:

Ana inu mwanena za zitsulo, ine ndinene za thupi poti mnyamatayu akuchokera ku kamagetsi kamene ungasambe nako m'mapazi.

Manozo ali ndi mitundu. Yofiira 0 digiri, yachikasu 15, yobiriwira 25, yoyera 40, yakuda ya sopo. Yofiirayo ichotseni muisunge kunyumba. Imajambula simenti, imadula thabwa, tayala imatha kulivulaza m'mbali, penti ya galimoto ndiye osanena. Pa galimoto nozo yoyera, mwataliko, yobiriwira ku matayala ndi kunsi. Pa simenti yachikasu kapena nozo yozungulira ya turbo, koma turbo isayandikire galimoto ya munthu. Makoma openta yambani pakona posaonekera, mudzandithokoza. Pa mabwalo aakulu gulani surface cleaner, chimbale chija chokhala ndi manozo awiri ozungulira kunsi, sichisiya mizeremizere ngati mbidzi, koma chikhale cholingana ndi madzi anu, amati mainchesi anayi pa galoni iliyonse, ndiye makina a malita 15 chimbale cha mainchesi 16, a malita 10 chaching'ono.

Ine chala changa chakumanzere sichipinda bwino mpaka lero. Nozo inatsekeka, m'malo mozimitsa ndinati ndipukute ndi chala, mnzanga n'kukhudza mfuti. Kabala kake kanali ngati kobaya singano, magazi pang'ono, ndinangomanga kansalu n'kupitiriza. Usiku dzanja lonse linatupa, madzi akuda anali atalowa mkati kutali, kuchipatala anachita kung'amba. Zikakuchitikirani thamangani tsiku lomwelo olo bala lioneke lachibwana, muwauze kuti ndi madzi a pulesha. Majombo, magalasi a m'maso, osati masilipasi. Ukazimitsa injini finya mfuti pulesha ituluke usanamasule chilichonse.

Utsi. Injini ya petulo imatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, sununkha, suoneka. Akakuitanani kutsuka m'garaja, m'shedi, m'khola la nkhuku, makina atsale panja kutali ndi khomo ndi mawindo, mulowe ndi paipi yokha. Kutsegula chitseko sikokwanira. N'chifukwa chake paipi ya pulesha mugule yaitali yawaya mkati, mamita 20 kapena 30, kaja kobwera m'katoni kamakhala kakafupi.

Mayi_wa_mabwalo:

Adala anena zoona za paipi, yaitali imakupulumutsanso kukoka makina uku ndi uku. Ndiwonjezere kamodzi, timarabala tating'ono ta m'majoini a paipi ndi mfuti, ma O-ring, gulani kapaketi muziyenda nako m'thumba. Kamodzi kakaduka madzi amathothoka pa joini ntchito n'kuima chifukwa cha kanthu kosakwana chikhadabo. Ine ndinabwererapo kunyumba bwalo nditatsuka theka.

Mukayesa ndowa ija mudzatiuze masekondi ake, komanso mwa ntchito khumi zapitazi zingati zinali magalimoto zingati mabwalo, ndiye tidzakuuzani saizi.

Wongoyamba_kumene:

Ndayesa. Pamalo poyamba masekondi 95, pachiwiri 140. Ntchito khumi zapitazi, magalimoto asanu ndi limodzi, mabwalo atatu, lole imodzi. Ndapitanso kukayang'ana a 4000 PSI aja, nambala ya malita ndaisaka katoni yonse mpaka kunsi, palibe, kagalasi ka oyilo pa pampu palibenso.