Mlatho wa kwathu: mamita 35 kapena 22?

Wapampando (Mufakose): Abale a mu Harare muno, moni nonse. Amfumu a kumudzi kwathu ku Malawi aimba m'mawa uno, mlatho uja unapita ndi madzi Lachiwiri usiku. Ana sakuwoloka kupita ku sukulu. Mmisiri amene anamuitana akuti pakufunika mlatho wa mamita 35. Tiyeni tisonkhe.

Nabanda (Mbare): Tisonkhenso? Za mjigo zija zili kuti?

Aphunzitsi aPhiri (Highfield): A Wapampando, mamita 35 amenewo wawapeza bwanji, poti mtsinje wadzaza ndipo palibe amene wawoloka ndi tepi? Ine nditangomva ndinatuma mdzukulu wanga wa Folomu 4. Anakhoma zikhomo ziwiri m'mphepete, tsidya lathu lino, motalikirana mamita 20. Kenako anayang'ana mkuyu uja wa pagombe tsidya linalo. Pa chikhomo choyamba ngodya ya pakati pa mzere wa zikhomo ndi mzere wopita ku mkuyu inali madigiri 70, pa chachiwiri 62.

Aphunzitsi aPhiri: Zikhomo ziwirizo ndi mkuyu zikupanga thirayango, ndipo ngodya zitatu za thirayango zimakwana 180, ndiye ya pa mkuyu ndi 48. Tsono pali lamulo la sine (sine, mwachidule sin, ndi nambala imene kakyuleta imapereka pa ngodya iliyonse): mbali iliyonse mukaigawa ndi sine wa ngodya yoyang'anizana nayo, yankho limakhala limodzimodzi. Mamita 20 aja ayang'anizana ndi 48. Kuchoka pa chikhomo choyamba kukafika pa mkuyu ndi 20 × sin 62 ÷ sin 48, kapena kuti 20 × 0.883 ÷ 0.743, zomwe zikupereka mamita 23.8.

Aphunzitsi aPhiri: Koma mzere umenewo ndi wopendekeka. Kuti tiwoloke molunjika tichulukitse 23.8 ndi sin 70, yemwe ndi 0.94. Tikupeza mamita 22 ndi kanthu. Nanga simenti ndi zitsulo za mamita 13 otsalawo zikupita kwa yani?

Nabanda: Ndi zomwezo. Pa mjigo zinayambanso chonchi.

Msungichuma (Dzivarasekwa): Achemwali, ndafotokoza kangati? Ndalama zinali ku banki, mu 2019 madola onse anasanduka RTGS, ndalama ya Zimbabwe imene boma linayambitsa chaka chimenecho. Inu simunali mu Harare muno? Mabuku ndili nawo, bwerani mudzaone.

Nabanda: Tinakupatsani madola m'manja, achimwene. Anakutumani ndani kukaika ku banki?

Malume aMwale (Epworth): Aphunzitsi, ife pa famu tinkachita mwachidule. Uime moyang'anizana ndi mtengo wa tsidya linalo, ukhome chikhomo, uyende m'mphepete mpaka mtengo uoneke pa mzere wa pepala lopinda pakona. Pamene wayendapo ndiye kukula kwa mtsinje.

Aphunzitsi aPhiri: Zoona malume, amenewo ndi madigiri 90 ndi 45, mbali ziwiri zimafanana. Koma kumunsi kwa doko kuli bango ndi matope, mwana sakanayenda mamita 22 m'menemo. N'chifukwa chake ndinasankha njira yoti ngodya zikhale zilizonse.

Mayi a Tadala (Mabvuku): Pepani aphunzitsi, masamu anu sindikuwatsutsa. Koma ine ndinali kumudzi mwezi watha. Madzi akasefukira amadutsa mkuyu umenewo mpaka kumadimba. Mlatho wakale unagwa chifukwa nsanamira anaziika pagombe penipeni, madzi n'kukumba pansi. Mwina mmisiriyo wawerengera zimenezo.

Aphunzitsi aPhiri: Ngati ndi choncho alembe papepala, atiuze pamene nsanamira zikaime, tiyezenso kuchokera pamenepo. Njira ndi yomweyi, tingosuntha zikhomo. Chimene ndikukana ine ndi nambala yochokera m'mutu.

Bambo a Chisomo (Glen View): Komanso mwana wa sukulu ndi pulotirakita ya pulasitiki yoyezera ngodya tingamudalire?

Aphunzitsi aPhiri: Ndawerenga kale zimenezo. Atati walakwitsa ndi madigiri awiri, 70 n'kukhala 72, yankho likubwera mamita 23 ndi kanthu. Kusiyana kwake mita imodzi, osati 13. Amene akukayika abwere Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, tikayeze mtsinje wa Mukuvisi kuno ku Harare ndi maso athu.

Wapampando: Abale, kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti n'kukwera mtengo. Tikachedwa tidzalira.

Nabanda: Mmisiriyo si mlamu wake wa amfumu?

Bambo a Chisomo: Mayi, samalani pakamwa. Inu munabadwira ku Mbare, kumudzi munapondako liti?

Nabanda: Agogo anga agona tsidya lomwelo la mtsinje. Chaka ndi chaka ndimasonkha. Musandiyankhule ngati mlendo.

Malume aMwale: Ana inu, nkhani ndi ya mlatho.

Msungichuma: Ine za udindowu zandikwana. Sankhani wina asunge ndalamazo.

Aphunzitsi aPhiri: Ndatumiza chithunzi cha thirayangoyo, manambala onse ali pomwepo. Aliyense ali ndi kakyuleta pa foni, ayese yekha. Onetsetsani kuti ili pa madigiri, apo ayi ikupatsani zina.

Mayi a Tadala: Nanga Lolemba ana awoloka bwanji?