Zowonjezera pa funso la chikondwerero cha mbalame ku Phobjikha

Amene munafunsa za tsiku ndi ndalama zokaonera chikondwerero cha mbalame za khosi lakuda, za black-necked crane, ku Bhutan: chimachitika pa 11 Novembala chaka chilichonse, m'bwalo la nyumba ya amonke ya Gangtey, m'chigwa cha Phobjikha. Chinayamba mu 1998. Mbalamezi zimachokera ku Tibet kumapeto kwa Okutobala n'kubwerera mu Febuluwale, ndiye pa tsikuli zimakhala zisanafike zonse.

Visa ndi madola 40 a ku America, ndipo pamwamba pake pali madola 100 usiku uliwonse omwe boma limalipiritsa alendo. Kuchokera ku Thimphu, likulu la Bhutan, ndi ulendo wa maola pafupifupi 5 pa msewu wokhotakhota. Fikani dzulo lake la chikondwererocho, malo ogona ndi ochepa ndipo amadzaza msanga.

Chigwachi chili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000, m'mawa kumazizira koopsa. Pa chikondwererochi ana asukulu amavala zakuda ndi zoyera, n'kumavina motsanzira mbalamezo. Anthu enanso amavina atavala zigoba kumaso.

Chonde musatsikire m'dambo. Mbalame zikaopsezedwa zimauluka n'kusiya kudya. Kazionereni pa telesikopu ku malo a RSPN, bungwe loteteza zachilengedwe ku Bhutan.