Mabungwe ang'onoang'ono adzuka bwanji chichokereni Covid-19?

Wofunsa, Ntcheu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Covid-19 inadutsa, koma mabungwe ambiri omwe si aboma, makamaka ang'onoang'ono a m'maboma, mpaka lero akupumira m'mwamba. Chinawafoola kwenikweni n'chiyani, ndipo lofuna kudzukanso liyambire pati?

Wa zachuma, Lilongwe:
Vuto lalikulu linali mmene ndalama za madona zimabwerera. Zambiri zimabwera zomangiriridwa ku ntchito: msonkhano uwu, maphunziro awa, ulendo wakumudzi uwu. Boma litalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pangozi, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa, ndipo pa 23 Malichi sukulu zinatsekedwa. Ntchito zinaima. Ntchito ikaima ndalama sizituluka, lipoti limaonetsa kuti mwagwiritsa zochepa, ndiye dona satumiza chigawo chotsatira. Pomwe lendi ya ofesi, malipiro a akauntanti ndi a mlonda zikungowerengabe. Ndalama zoyendetsera ofesi nthawi zambiri zimawerengedwa ngati peresenti ya zomwe mwagwiritsa pa ntchitoyo, choncho nazonso zinafota.

Omwe anapulumuka analembera dona msanga kupempha zinthu ziwiri: kusamutsa ndalama kuchoka pa mzere wina wa bajeti kupita pa wina, komanso kutalikitsa nthawi ya pulojekiti popanda kuwonjezera ndalama. Kugula sopo, zidebe ndi masiki pogwiritsa ntchito ndalama za maphunziro popanda kalata yovomereza kumabweretsa mavuto odita (wofufuza mabuku a ndalama) akabwera, chifukwa ndalamazo amazikana ndipo bungwe limauzidwa kuti libweze. Chilolezo cha pafoni sichiwerengedwa, chikhale cholembedwa.

Mlangizi wa mabungwe, Blantyre:
Zoona, bambo. Koma tisaiwale kuti mpata wochira sunapezeke. Mu 2021 dziko la Britain linatsitsa thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chomwe limapeza. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakatipo panabwera kolera ndi namondwe Freddy, ndipo mu Januwale 2025 ntchito za USAID, bungwe la thandizo la boma la America, zinaimitsidwa. Bungwe lomwe linasaina mgwirizano wa zaka zitatu mu makwacha linapezeka kuti ndalama ya mafuta a galimoto a chaka chonse yatha chaka chisanafike pakati.

Choyamba, pemphani kuti mgwirizano ulembedwe mu ndalama ya dona, ndipo mutsegule akaunti ya ndalama zakunja ku banki. Chachiwiri, werengani ngongole zobisika musanalembe pempho lina lililonse: msonkho wodula pa malipiro (PAYE) wa ku MRA, penshoni, yomwe olemba ntchito amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, ndi ndalama yolipira anthu ochotsedwa ntchito chifukwa cha kuchepa kwa chuma. Imeneyi imayambira pa malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chomwe munthu wagwira, ndipo imakwera zaka zikachuluka. Mabungwe ambiri samayiika mu bajeti, amadzayikumbukira nkhani ili kale ku khoti la za ntchito.

Kenako bodi ivomereze lamulo losunga ndalama zokwanira kuyendetsa ofesi miyezi itatu. Sizingachoke pa pulojekiti, ndiye zichokere ku zopereka za mamembala, kubwereketsa holo kapena maphunziro olipiritsa.

Wa ntchito za kumudzi, Mangochi:
Ine chimandiwawa n'chakuti timakamba za ofesi n'kuiwala kumudzi. Sukulu zitatsekedwa, boma linapeza kuti atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Ntchito inachuluka panthawi yomwe mabungwe analibe mphamvu. A Mary's Meals, omwe amapereka phala m'sukulu, anasintha msanga, n'kuyamba kupereka ufa wa phala kwa makolo kuti azikaphikira ana kunyumba, ndipo zinatheka chifukwa anali ndi makomiti amoyo pa sukulu.

Musanapemphe ndalama, pitani mukaone ngati odzipereka anu akadalipo, chifukwa ena anasamuka, ena analowa mabungwe ena. Onani ngati magulu a banki mkhonde akukumanabe komanso ngati omwe anatenga ngongole anabweza. Kaonekereninso ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ku ya m'dera (ADC) ndi ku komiti yaikulu ya khonsolo, poti dona akabwera amayamba wafunsa kumeneko.

Wa zachuma, Lilongwe:
Mayi anena zoona. Ndingowonjezera za mapepala: kuchokera pa kusintha kwa lamulo mu 2022, mabungwe akuyang'aniridwa ndi NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma. Ngati pali zaka zomwe simunapereke lipoti la pachaka ndi maakaunti ofufuzidwa ndi odita, yambani ndi zimenezo, komanso umembala wa ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma. Madona ambiri sawerenga n'komwe pempho lopanda satifiketi ya NGORA ya chaka chimenecho.